Funsani Aphunzitsi: Mlamu wanga wa ku Platfontein amangojambula, ndimuthandize bwanji?

Mwezi watha ndinangotchula modutsa kuti ndinagwirako choko ku Botswana, m'boma la Ghanzi, ndisanapume pantchito n'kubwerera kuno ku Dedza. Sindinadziwe kuti ndaputa mavu. Makalata afika ambiri ofunsa za anthu a mtundu wa San, mbadwa zakale za kumwera kwa Africa, komanso za ana awo, ndipo ndasankhapo atatu. Ena ndidzawayankha ndikagula magalasi atsopano.

Aphunzitsi,
Ine ndine makaniko, kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndatha zaka 11 ku Kimberley kuno ku Joni. Mayi akunyumba ndi a mtundu wa Khwe, kwawo ku Platfontein. Nkhani ili pa mlamu wanga, mchimwene wawo wamng'ono. Ali ndi zaka 17, sukulu analekeza Grade 10. Ndinamutenga kugalaja kuti aphunzire sipanala, koma ndikangotembenuka ndimapeza wang'amba katoni ya masipeya akujambulapo: maminibasi, mafoni, agogo ake atakhala pakhonde. Usiku amajambula nyimbo pafoni m'chinenero chawo. Tsopano pabwera bambo wina wogulitsa zinthu kwa alendo okaona malo. Akuti azimugula zojambulazo, koma asiye maminibasi, azijambula nyama ndi alenje okhaokha, ndiponso amujambule chithunzi atavala zikopa atagwira uta. Apongozi sakunenapo kanthu. Ndimulole, kapena ndimuumirize sipanala?
*Makaniko wa ku Galeshewe, Kimberley*

Achimwene, zikomo polemba, ndipo zikomo kwambiri kuti simunamulande pensulo mnyamatayo. Ndiloleni ndiyambe ndawafotokozera owerenga anzathu za Platfontein, chifukwa popanda mbiriyo funso lanu silimveka kulemera kwake.

Anthu a ku Platfontein ndi a San a mitundu iwiri, a !Xun ndi a Khwe, ndipo si a ku Kimberley chibadwire. A !Xun anachokera ku Angola, a Khwe anachokera kudera lomwe linkatchedwa Caprivi ku Namibia komanso kumalire a Angola komweko. Nthawi ya nkhondo, amuna ambiri analembedwa usilikali ndi boma latsankho la South Africa, makamaka chifukwa ankadziwa kulondola mapazi m'tchire. Namibia italandira ufulu mu 1990, anthu pafupifupi 4,000 anawasamutsira ku Schmidtsdrift ku South Africa n'kuwaika m'matenti. Zinkaoneka ngati ndi zongoyembekezera, koma anakhala m'matentimo zaka 13, mpaka pomwe anayamba kulowa m'tinyumba ta ku Platfontein cha m'ma 2003 ndi 2004. Ndiye kuti mlamu wanuyo ndi mdzukulu wa anthu osamutsidwa kangapo. Iye anabadwira pa mtunda wa makilomita 15 okha kuchokera m'tauni ya Kimberley. Minibasi amaiona tsiku lililonse. Ntchefu ikuthamanga m'tchire, ndikukayika ngati anaionapo. Tsono bambo wamalondayo akamati asiye minibasi ajambule mlenje, akumuuza kuti asiye zomwe maso ake aona, ajambule zomwe zili m'mutu mwa mlendo wotsika m'basi ndi kamera pakhosi.

Ndisanapitirire ndiulule tchimo langa, chifukwa nanenso ndinali bambo wamalondayo mwanjira ina. Pasukulu ina yomwe ndinkaphunzitsa ku Ghanzi, ana ambiri anali a Naro, mtundu wina wa San, ochokera m'mafamu a ng'ombe, ndipo ankagonera pasukulu pomwepo, kutali ndi makolo. Phunziro linali mu Setswana ndi Chingerezi basi. Mwana wa zaka 7 ankalowa m'kalasi osamva ngakhale liwu limodzi, ife n'kumati ndi wogona m'mutu. Ambiri ankathawa, kuyenda wapansi mtunda wautali mumchenga kubwerera kwawo. Panali mnyamata wina wokhala kumbuyo kwenikweni, wosayankha funso ngakhale mutamutchula dzina kangati. Tsiku lina ndikutolera makope a masamu ndinapeza lake lili mbee kutsogolo, koma masamba akumbuyo ali tho ndi zojambula. Pa tsamba lina anajambula lole ya boma yomwe inkadzawatenga tchuthi chikatha: ana ali thithithi kumbuyo, mayi mmodzi ataima pansi atagwira mutu, ndipo galu akuthamangira fumbi. Ndinamukwapula zikoti zitatu chifukwa chowononga kope. Teremu yotsatira sanabwere. Kopelo ndinakhala nalo m'kabati zaka ziwiri, ndipo lero masamu onse omwe ndinaphunzitsa chaka chimenecho ndinaiwala, koma galu uja ndimamuonabe.

Chinandisintha maganizo ndi D'Kar, mudzi waung'ono pafupi ndi tauni ya Ghanzi. Kumeneko kuli Kuru Art Project, yomwe inayamba mu 1990. Musaganize za chinyumba chachikulu. Ndi malo ogwiriramo ntchito chabe, okhala ndi matebulo, penti, zinsalu zojambulapo ndi makina odindira. Ndinalowamo Loweruka lina ndinapeza amayi achikulire, ena oti sanapondepo m'kalasi, akupenta zinsalu zazikulu ngati chitseko, akucheza m'chinenero cha Naro, ana akusewera m'miyendo mwawo. Pakona mnyamata ankasema chithunzi pa kachidutswa ka linoleum, ija yoyala pansi m'nyumba, kenako n'kupaka inki, kuika pepala pamwamba, kupanikiza ndi makina. Atasenda pepalalo panatuluka mbalame yakuda bii, ndipo anadinda ina, inanso, iliyonse n'kuilemba nambala yake m'munsi. Palibe amene ankamuuza chojambula. A bungwelo ntchito yawo inali kugula zipangizo, kusunga mabuku a ndalama ndi kufunafuna misika kunja. Ndipo zipatso zinaoneka: zojambula za mayi Dada zinaonetsedwa m'maiko ambiri, ndipo mu 1997 chithunzi cha nyama ndi mitengo cha mayi Cgoise chinapentedwa kumchira kwa ndege za British Airways. Inde, iwo ankajambula nyama, zomera ndi mikanda, chifukwa ndi zomwe anakula nazo. Ankazijambula mwa kufuna kwawo, dzina lawo lili pansi pa chithunzi.

Chimene ndinaphunzira ku D'Kar ndi choti mwana waluso safuna zambiri. Amafuna malo oti akasiya ntchito yake madzulo akaipeza mmawa, zipangizo zoti zisamathe pakati pa chithunzi, munthu wamkulu womudziwa ntchitoyo woti azikhala naye pafupi, ndi wina wokhulupirika pa ndalama. Ziwiri mwa zimenezi muli nazo kale inuyo. Mupatseni kona imodzi ya galaja, ikhale yake, ndi thabwa loti azipachikapo. Mugulireni mapepala okhuthala ndi penti mwezi ukatha, muwerengere limodzi ndi oyilo ndi girisi. Sipanala asaisiye, chifukwa njala siidziwa luso, koma mugawane naye tsiku: mmawa pansi pagalimoto, masana pakona pake. Ndipo mumupatse chikwangwani cha galaja yanu alembe ndi kujambula, mumulipire monga mukanalipirira munthu wapadera. Makasitomala akafunsa kuti walemba ndani, muzimuloza.

Munthu wamkulu womudziwa ntchito musakamufune kutali. Ku Schmidtsdrift, m'matenti momwemo, munali gulu la ojambula ndi odinda zithunzi kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ntchito zawo zinafika m'nyumba zoonetsera zojambula. Funsani apongozi anu kuti mwa anthu amenewo atsala ndani, kapena ana awo. Kukhala chete kwa apongozi musakuyese kuvomera. Mwina akuyembekeza kuti mkamwini afunse bwinobwino, atakhala pansi, osati ali chiimire makiyi agalimoto ali m'manja. Safunsa anadya phula. M'tauni momwemo muli William Humphreys Art Gallery ndi McGregor Museum. Mupite naye tsiku lina, zojambula zake zili mufayilo, aone mmene ntchito ya anzake imakhalira ikapachikidwa pakhoma ndi dzina pambali, ndipo mufunse ogwira ntchito kumeneko ngati pali maphunziro a achinyamata. Pafupi ndi kwawo komweko pali Wildebeest Kuil, pomwe pali zithunzi zakale zogoba pamiyala. Akazione, osati kuti azikopera, koma adziwe kuti ntchitoyi sinayambe ndi iye.

Za nyimbo ndiye ali ndi mwayi woposa ana ambiri a San. Wailesi ya X-K FM, yomwe SABC inatsegula m'chaka cha 2000, imaulutsa m'zinenero za !Xun ndi Khwe, ndipo ili pakhomo pawo. Atenge nyimbo ziwiri zomwe akuziona kuti zapsa akawapatse. Akalembetsenso ku SAMRO, lomwe ndi bungwe loteteza opeka nyimbo ngati mmene ilili COSOMA kwathu kuno. Pa zonsezi adzafunika chitupa cha unzika ndi akaunti yakubanki ya dzina lake, osati lanu, osatinso la mlongo wake. Zaka 16 anadutsa kale, ndiye chitupacho ngati alibe, yambani ndi chimenecho.

Tsono za bambo wamalonda uja. Sindikuti mumuthamangitse, wogula ndi wogula. Koma muike mawu papepala: akugula chithunzi chimodzi chimene wanyamulacho, osati ufulu wochidinda pamalaya, pamakapu ndi pamakalendala. Akafuna zimenezo ndi mtengo wina, pangano lina. Mnyamatayo azisaina ntchito iliyonse ndi kuijambula pafoni isanachoke. Nyama akafuna kujambula ajambule, ndi za makolo ake, palibe angamuletse. Za zikopa ndi uta zokhazo ndikuti ayi. Zikopa amavala povina, pa nthawi yake, pamodzi ndi akuluakulu ake, monga mmene inu a ku Ntcheu mumavalira zanu pa ngoma. Kodi munthu atabwera kugalajako n'kunena kuti akupatsani galimoto yoti mukonze pokhapokha muvale nthenga kumutu akujambuleni, mungamuyankhe chiyani? Yankho lomwelo mumubwereke mlamu wanu.

Aphunzitsi,
Ndine wophunzira pakoleji ina ku Zomba. M'kalasi tinakangana pa za anthu omwe mabungwe amawatchula kuti eni nthaka enieni kapena mbadwa zoyambirira. Ine ndikuti mu Africa tonse ndife eni nthaka, obwera anali azungu. Bwanji a San azipatsidwa dzina lapadera ndi thandizo lapadera, pomwe achinyamata a kwathu ku Phalombe nawonso alibe ntchito?
*Mtsikana wa chaka chachiwiri, Zomba*

Mwanangu, mkangano wanuwo si wachibwana. Maboma ambiri a mu Africa ananena zomwe mukunenazo pamene bungwe la United Nations linkakonza chikalata cha ufulu wa anthu amenewa, chomwe chinavomerezedwa mu 2007. Botswana inali patsogolo penipeni kunena kuti Motswana aliyense ndi mbadwa. Koma komiti ya African Commission on Human and Peoples' Rights inali itaunika kale nkhaniyi mu 2003, ndipo inati funso lisakhale loti anafika poyamba ndani. Funso likhale loti: ndi anthu ati amene moyo wawo wonse unadalira malo enaake, monga kusaka, kutola za m'tchire kapena kuweta moyendayenda, ndipo malowo analandidwa, chinenero chawo sichimveka m'kalasi kapena m'khoti, komanso anzawo akuda omwe amawayesa anthu otsalira? Mukafunsa choncho mupeza a San, Abatwa a ku Rwanda, Burundi, Uganda ndi Congo, a Hadza a ku Tanzania, a Ogiek a ku Kenya. A Ogiek anapambana mlandu wa nkhalango ya Mau kukhoti la Africa ku Arusha mu 2017. A San a ku Central Kalahari, omwe anasamutsidwa mu 1997 ndi 2002, anapambana wawo kukhoti lalikulu la Botswana mu 2006. Amene ankawasamutsawo sanali azungu.

Mnyamata wa ku Phalombe akusowa ntchito, n'zoona, ndipo sindikuchepetsa. Koma akalowa m'chipatala amalankhula namva, akatsegula wailesi amamva chinenero chomwe amachidziwa, ndipo chaka chilichonse a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana pa Chonde atsogoleri a dziko ali pompo. Mwana wa Naro uja ndinamukwapula analibe chilichonse mwa zimenezi. Umphawi ndi umodzi, koma wina amausenza ali ndi pakamwa, wina atatsekedwa pakamwa.

Ndipo ife Amalawi tisamayankhule nkhaniyi ngati ya kutali. Ine ndinakulira m'munsi mwa mapiri a Chongoni. Agogo ankatisimbira za Akafula, anthu aafupi omwe makolo athu anawapeza kuno. Ankati ukakumana naye amafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pafupi pompano, waputa mkwiyo, wanzeru ankati, "Ndakuonerani patali, muli paphiri apo." Tinkaseka, nthano n'kuthera pomwepo. Palibe mwana ankafunsa kuti nanga anthuwo anapita kuti. Koma mukakwera ku Mphunzi kapena ku Chencherere mupeza zojambula zofiira pamiyala, mizeremizere ndi zozungulira, zomwe akatswiri amati ndi za Akafula amenewo, omwe amatchedwanso Abatwa, ndipo pambali pake kapena pamwamba pake pali zoyera za Achewa, za chinamwali ndi za Nyau. Malo ake ndi 127, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zoyerazo tikhoza kuzimasulira, chifukwa anamkungwi alipo, Gule alipo. Zofiirazo palibe mdzukulu woti n'kumufunsa kuti agogo ako ankatanthauza chiyani. Ena mwa iwo mwina ali m'magazi mwathumu, koma chinenero chawo, nyimbo zawo, ngakhale dzina lomwe ankadzitchula okha, zonse zinapita.

Ku Upington ku South Africa kuli gogo wina, Katrina Esau, wobadwa mu 1933, yemwe ndi womaliza mwa anthu olankhula bwinobwino chinenero cha N|uu. Ali mwana pafamu ankaletsedwa kuchilankhula, anakula ndi Afrikaans, ndipo sukulu sanapiteko. Atakalamba anayamba kusonkhanitsa ana a m'dera lake pakhomo pake masana akaweruka, kuwaphunzitsa nyimbo, masewera ndi kalizidwe ka lilime ka chinenerocho. Mu 2021 kunatuluka buku la ana la nthano yake ya kamba ndi nthiwatiwa, ndipo yunivesite ya Cape Town inamupatsa digiri yaulemu mu 2023. Thandizo lapadera lomwe mukulidandaulalo nthawi zambiri limakhala laling'ono chonchi: bolodi, mipando, ndi munthu wolemba zomwe gogo akunena iye asanatsikire kulichete. Mukabwerera m'kalasi mukawafunse anzanuwo kuti Akafula akanakhala ndi gogo mmodzi wotere, bwenzi ku Chencherere tikuwerenga chiyani.

(Ndiponso inu a ku Ntcheu ndi ku Mzimba, kuliza lilime komwe kumamveka m'nyimbo zina zakale za ngoma kunabwera ndi Angoni kuchokera kumwera, ndipo kumeneko makolo awo anakutengera kwa a San ndi a Khoi. Ubale ulipo, ngakhale sitiutchula.)

Aphunzitsi,
Ndife amayi a Mvano a ku Malawi okhala ku Cape Town. Ambirife timagwira ntchito za m'nyumba. Tamva kuti chakumpoto kwa mzindawu kuli malo a anthu a San, ndipo tasonkha zovala zakaunjika ndi mabulangete kuti tikapereke kwa ana akumeneko. Tikafike bwanji, ndipo tikanene chiyani?
*Mlembi wa gulu, Cape Town*

Amayi, Mulungu akudalitseni chifukwa cha mtima umenewu. Ndikudziwa kuti ndalama ya m'nyumba za eni imabwera ndi msana. Koma malo omwe mwamvawo ndi !Khwa ttu, pa msewu wa R27 pafupi ndi Yzerfontein, makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda, ndipo si mudzi wa ovutika ayi. Ndi malo a maphunziro ndi chikhalidwe. Achinyamata a San ochokera ku South Africa, Namibia ndi Botswana amapita kumeneko kukaphunzira ntchito yoperekeza alendo, yophika ndi kulandira anthu, komanso kusunga mbiri ya makolo awo. Mu 2018 anatsegulapo nyumba yosungiramo mbiri, momwe a San akufotokoza okha nkhani yawo. Mukafika ndi mabelo pamutu, mtsikana wovala yunifolomu yemwe adzakulandireni pageti adzasowa poyang'ana, inunso mudzasowa potula.

Mabulangetewo musataye. Nyengo yozizira ya ku Cape mukuidziwa, ndipo osowa chofunda ali pafupi nanu, ena ndi Amalawi anzathu ongofika kumene. Ku !Khwa ttu mupite ngati alendo olipira. Sonkhani ya minibasi ndi ya pakhomo, muimbiretu foni kuti akusungireni wokuperekezani, ndipo mutenge ana anu, makamaka aja obadwira konko omwe ayamba kuchita manyazi ndi Chichewa. Akamve mnyamata wa msinkhu wawo akufotokoza dzina la chitsamba chilichonse m'chinenero cha agogo ake, mutu uli m'mwamba. Mukafuna kujambula munthu, pemphani kaye. Musitolo yawo mugule kanthu, kaya mkanda wa chigoba cha dzira la nthiwatiwa, ndipo mufunse kuti anapanga ndani. Kunenerera kuja timachita ku Lizulu mukakusiye pageti. Mukamwa tiyi wa rooibos kumeneko, dziwani kuti kuyambira mu 2019 makampani a tiyiyu anavomera kupereka kwa a San ndi a Khoi 1.5 peresenti ya mtengo womwe amagulira kwa alimi, chifukwa nzeru ya chitsambacho inachokera kwa makolo awo, ndipo mu 2022 anapereka ndalama zoyamba zoposa R12 miliyoni.

Chonena musavutike nacho. Perekani moni, nenani kwanu, ndipo mufunse wokuperekezaniyo kuti iye ndi wa mtundu uti, chifukwa dzina loti San ndi chipewa chachikulu: pansi pake pali a Khwe, a !Xun, a Naro, a Ju|'hoansi, a ‡Khomani ndi ena, ndipo zinenero zawo n'zosiyana kuposa mmene Chichewa chimasiyanirana ndi Chitumbuka. Akakufunsani nyimbo, muimbeni ya Mvano imodzi, mwina nawo adzakubwezerani yawo. Majuzi musaiwale, mphepo ya kunyanja kumeneko ilibe ulemu ndi chitenje.